Botolo la M'sewero

Mlongo wanga ndinamulera ndine. Amayi atamwalira iye anali asanayambe sukulu. Abambo anabwerera kwathu ku Ntcheu n'kukakwatira kwina, ife n'kutisiya awiriwiri m'kanyumba ka lendi ku Mgona. Ndiye ndikamamunena mokalipa musadabwe. Munthu amene anakupukutani mamina ali ndi ufulu wokukalipirani mpaka mutamera imvi.

Ali wamng'ono ankatola chilichonse n'kuponya m'kamwa, kaya ndi batani, kamwala, kaya chitsekerero cha botolo. Ndikangoona masaya atupa ndinkagwada n'kutchera dzanja pansi pa chibwano chake. "Lavulira apa." Ankayamba wandiyang'ana ndi timaso tamwano, kenako n'kulavula. Pa ntchito zonse za kulera, imeneyi ndiyo inali yophweka.

Atakula anayamba kuponya m'kamwa zinthu zosalavulika. Anasiya sukulu n'kupeza ganyu yonyamula mabelo a fodya ku Kanengo, ndipo anzake a kumeneko ndi amene anamuphunzitsa kachasu ndi timabotolo tija timati midoli. Ine nthawi imeneyo n'kuti ndili telala pakhonde la sitolo ina ku Nsungwi. Anandigulitsira simbi. Anandigulitsira sizasi. Tsiku lina anatenga nsalu ya makasitomala, yoti ndisokere anamwali operekeza ukwati, n'kukaisiya kushabini. Ndinamumenya ndi chipande mpaka chinathyoka. Ndinamutengera kwa abusa, anamupempherera mpaka mawu kusasa. Ndinaitana amalume kuchokera ku Ntcheu, anabwera, anadya, anamulangiza, n'kubwerera. Iye ankangoti, "Ndamva, achemwali," mawa lake n'kukamutola m'ngalande.

Chaka china maso ake anasanduka achikasu, mimba n'kutupa. Kuchipatala adokotala ananditengera pambali n'kundiuza mosapsatira kuti chiwindi chatopa, ndipo akapitiriza kumwa tidzamuika m'manda asanakwatire n'komwe. Amati chibale n'fupa sichiola, koma ine ndinkaona fupa langalo likuola ndikuyang'ana.

Atatuluka m'chipatala ndinkamukhazika pambali pa makina kuti ndizimuona. Ankatopa nako kukhala, ndiye ankangokhalira kuyerekeza anthu odutsa. Mayendedwe a landilodi wathu, kakuwidwe ka makondakitala a minibasi, mmene amayi ogulitsa tomato amakanira kutsitsa mtengo, zonse ankazitha. Ine ndinkaseka mobisa kuti asaone ngati ndamukhululukira.

Ndi pakhonde pomwepo pamene aphunzitsi a zisudzo anamuonera. Anali bambo wowonda, wamagalasi, wolankhula pang'onopang'ono, ndipo anabwera ndi thumba la zovala za kaunjika zoti ndiwachepetsere. Ankayendetsa kabungwe kachifundo kophunzitsa achinyamata zisudzo kwaulere. Ankakumana Loweruka lililonse m'kalasi yobwereka pasukulu ina ya pulayimale ku Area 25, kenako n'kumakaonetsa masewero m'misika. Ataona mlongo wanga akuyerekeza wapolisi wa pamsewu, anaiwala za zovala zija.

"Chemwali, mnyamatayu mundibwereke Loweruka," anatero.

"Mukamutani? Ameneyu ndi chidakwa, ndikuuzirenitu. Akakugulitsirani ng'oma."

"Ng'oma yathu ndi yobooka kale," anayankha akumwetulira. "Abwere basi."

Ine zisudzo ndinkaziona ngati zibwana za anthu osowa chochita. Koma ndinali nditasowa mtengo wogwira, ndiye ndinamulola. Loweruka loyamba anapita atalawako, ndipo aphunzitsi anamukhazika panja pawindo tsiku lonse, anzake akusewera mkati. Lamulo linali loti wonunkha mowa salowa. Zinamuwawa kwambiri. Loweruka linalo anapita ali bwinobwino, ine ndikumutsatira patali kuti ndikaone ngati akupitadi. Ndinasuzumira pawindo. Asa! Anyamata ndi atsikana akuluakulu ataima mozungulira, akupuma mokweza ngati ng'ombe, akukwinya nkhope, akugwera chagada anzawo n'kumawawakha. Ndinati anthu awa mitu siikuyenda. Koma pakati pawo panali mlongo wanga akuseka, kuseka kwenikweni kumene ndinali nditakuiwala.

Kusiya mowa sikunali kwamasewera. Manja ankanjenjemera mpaka tiyi kutayikira, thukuta lili kamukamu ngakhale kukuzizira. Koma ankawerengera Loweruka ngati mwana woyembekeza Khirisimasi, ndipo kuti akalowe m'kalasi muja ankayenera kupirira sabata yonse. Mvula inatha, chisanu chinadutsa, iye osalawa. Maso anayera. Anayamba kunditungira madzi osamutuma. Ine ndinayamba kuwasokera zovala za masewero osawalipiritsa, ndipo aliyense wonyoza zisudzo pakhonde panga ndinkamuthamangitsa.

Ndifotokoze mmene gululi linkachitira masewero ake, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Analibe nsanja. Ankafika pamsika, kumangirira chinsalu pamitengo iwiri, kuimba ng'oma mpaka anthu atazungulira, basi sewero layamba. Likafika poipa, aphunzitsi ankakweza dzanja n'kufunsa anthu kuti, "Inu mukanatani?" Aliyense wofuna ankalowa m'bwalo n'kusewera nawo, kuyesa kukonza zinthu. Pachifukwa chimenechi anali ndi lamulo limene ankalibwereza mokweza asanayambe, atagwirana manja kuseri kwa chinsalu: woonera akalowa m'bwalo ndi mlendo, chimene wakupatsa landira, usamukane, ndipo usatuluke m'sewero. Mlongo wanga ankalisunga lamuloli kuposa malamulo a kutchalitchi. Anthu akasangalala ankalowanso kudzafupa, wina kandalama, wina nthochi, wina chimanga chootcha, ndipo osewera ankalandira osaimitsa sewero.

Itayandikira nyengo yotentha anakonza sewero la bambo woledzera amene amagulitsa yunifomu ya mwana wake. Nditamva kuti woledzerayo ndi mlongo wanga, ndinasiya diresi pamakina n'kukwera kabaza mpaka kusukulu kuja.

"Aphunzitsi, mwapenga kodi? Munthu wangovuuka kumene m'madzi, inu mukumutumanso kumtsinje?"

"Sindinamusankhe ndine, chemwali. Wapempha yekha."

Mlongo wanga anandikokera panja. "Achemwali, munthu ameneyu ndimamudziwa," anatero. "Anzangawa akamayerekeza kuledzera amangodzandira. Sadziwa kuti chidakwa chimayesetsa kuyenda mowongoka kuti anthu asachidziwe. Ndisiyeni ndimuonetse anthu mmene alili. Mwina ndikamuseka pagulu adzandisiya."

Ndinagonja, koma ndinaika langa lamulo. Botolo la m'sewero ndizisunga ndine. Ndinalitsuka ndi sopo ndi madzi otentha kambirimbiri mpaka fungo lonse litatha, ndipo tsiku la sewero ndinkathiramo madzi ndi dzanja langa, kulawa, n'kumupatsa. Anasewera ku Chinsapo, anasewera ku Area 23, anthu kuseka mpaka kugwira nthiti, amayi ena kupukuta misozi. Ine ndinkaima pafupi ndi chinsalu, maso ali pa botolo.

Kenako linafika tsiku la kwathu, pamsika wa Nsungwi. Linali Loweruka masana, dzuwa likuswa mtengo, fumbi lili koboo. Anthu anadzaza kuposa kwina konse chifukwa ambiri ankamudziwa. Ena anali oti anamudumphapo ali gone m'ngalande. Tsiku limenelo ndinachedwa ndi kasitomala, ndiye nditapereka botolo ndinathamangira kukhonde kukamaliza naye. Pobwerera ndinapeza malo anga atatsekeka, ndipo ndinaima kumbuyo kwa anthu, tepi yoyezera ili m'khosi, ndikusuzumira pakati pa mapewa.

Anasewera bwino tsiku limenelo, ndisaname. Atafika pogulitsa yunifomu, aphunzitsi anakweza dzanja. "Inu mukanatani?" Analowa mayi wina wogulitsa usipa, anamukalipira mpaka anthu kuimba nthungululu. Analowa bambo wina wa jekete, anamupempherera. Kenako analowa mwamuna wamtali wopanda dzino lakutsogolo. Ndinkamudziwa. Anali mnzake wa ku Kanengo, yemwe ankamwa naye, yemwe anamuperekeza kukasiya nsalu ya makasitomala anga kushabini. Amati tsoka silinunkha, koma limenelo fungo lake ndinalimva ndili kumbuyo kwa anthu.

Analanda botolo lija, ananunkhiza, n'kutembenukira kwa anthu. "Awa ndi madzi! Akutinamiza anthu awa!" Anawakhuthulira pansi anthu akuseka. Kenako anapisa dzanja m'thumba la jekete n'kutulutsa kabotolo kake, n'kutsegula. "Aise, wasewera bwino. Ine ndalama ndilibe, ndikufupa ndi chimene ndili nacho. Imwa tione ngati ukadali mwamuna."

"Amwe! Amwe! Amwe!" Msika wonse unayamba kuimba, ana omwe akuwomba m'manja.

Mlongo wanga anayang'ana kwa aphunzitsi. Ndinamuona ndi maso angawa, anayang'ana ngati mwana wofunsa chilolezo. Aphunzitsi anali mbali ina ya bwalo, munthu uja sankamudziwa, ndipo ankayesa kuti ndi woonera wanzeru amene wabweretsa madzi ake kuti sewero likome. Anamwetulira n'kuzunguza dzanja, chizindikiro chawo chakuti pitiriza. Chimene wakupatsa landira. Mlongo wanga analandira.

Ndinakuwa, koma mawu anga anamira m'phokoso. Ndinayamba kukankha anthu. Ndinaponda tomato wa munthu, ndinagwetsa njinga, wina ananditukwana, ine osacheuka. Mayo ine, anthu anali ngati khoma! Pamene ndinkatulukira m'bwalo n'kuti botolo lili kale pakamwa. Analitsitsa. Masaya anali atatupa.

Sanameze. Anaima chilili pakati pa bwalo, milomo atatseka, masaya ali tuu, maso akutuluka misozi. Apa ndi pamene ankayenera kulankhula mawu aatali a m'sewero amene anthu ankawakonda, koma sakanatha kutsegula pakamwa. Kulavula kunali kukana mlendo pamaso pa msika wonse. Kumeza kunali zimene adokotala ananena zija.

Ndinagwada pafumbi patsogolo pake n'kutchera manja pansi pa chibwano chake.

"Lavulira apa."

Anthu anaphulika ndi chiseko. Ankayesa kuti ndine wa m'gululo, kuti anandibisa dala pakati pa oonera. Nthungululu zinalira. Wina anathamanga n'kudzandiponyera kandalama pamutu, wina n'kundiika nthochi pamwendo. Ndinamva mayi wina akuti, "Koma mayi awa amatha, taonani misozi yeniyeni!"

"Lavula, mwana wa amayi anga. Ndakugwira mwendo. Usandichite zimenezi. Ndakulera ndekha, ndilibe wina, ukafa nditsala ndi ndani? Lavulira apa."

Sindinkayang'ana nkhope yake. Ndinkayang'ana kholingo. Ndinkadziwa kuti likangoyenda basi kwatha. Mnzake uja anali pambali akuti, "Meza, aise, usaope mkazi!" Anthu ena ankati ameze, ena ankati alavule, onse akusangalala ngati ali kumpira. Sindidziwa kuti tinakhala choncho nthawi yaitali bwanji. Mawondo anga ankapsa ndi dothi.

Kenako anawerama n'kulavulira m'manja mwanga. Kachasu uja anali wofunda, ndipo anandiwawa m'zala mmene masingano anandibaya. Msika wonse unawomba m'manja.

Ndinadzuka n'kumuwaza kachasuyo kumaso wopanda dzino uja, kenako n'kumuwomba mbama ndi dzanja lonyowalo. Anthu anasekabe. Anasiya kuseka nditayamba kumutukwana ndi mawu oti sangalembedwe, mawu amene sewero la bungwe lachifundo silingakhale nawo. Aphunzitsi anathamanga, anatola kabotolo kaja, ananunkhiza, nkhope yawo n'kugwa. Anauza woimba ng'oma kuti atseke sewero.

Kuseri kwa chinsalu ndinawatembenukira. "Lamulo lanu lija ndi limeneli? Akanamupatsa tameki wophera makoswe akanalandiranso? Munthu wa maso anayi osaona kuti mwana akukufunsani ndi maso?" Anavula magalasi n'kumangowapukuta ndi malaya. Mtsikana yemwe ankasewera ngati mkazi wa woledzerayo ankalira. Ndinakalipa mpaka mawu anatha, ndipo nditacheuka ndinaona mlongo wanga atakhala pansi, atatsamira mtengo, akuyang'ana manja ake.

Ndinamupatsa madzi kuti achukuche m'kamwa. Anachukucha, analavula, anachukuchanso. Ndinamusisita pamutu n'kumuuza kuti wapambana, kuti ndine wonyada. Anandiyang'ana.

"Achemwali," anatero motsitsa, "pang'ono padutsa."

Tinayenda wapansi mpaka ku Mgona nditamugwira pamkono ngati wakuba. M'njira anthu ankatiimitsa kutiyamikira. Masiku otsatira sindinatsegule makina. Ndinakhala naye m'nyumba, ndikumuphikira tiyi wa shuga wambiri, ndikumuona akuyendayenda m'kachipinda kaja, akukanda mikono, akununkhiza m'mwamba ngati pali chimene chikumuitana. Ankati fungo lija silikuchoka m'mphuno. Ndinapemphera mapemphero onse amene ndimawadziwa, ena ndinangopeka. Koma munthu sungamulondere mpaka kale. Mkati mwa sabata ndinapita kukapereka zovala za ukwati zimene eni ake ankazidikira, ndipo pobwera ndinapeza chitseko chili pululu.

Ndinathamangira kwa aphunzitsi, omwe aja ndinawatukwana, chifukwa ndinalibe kwina kopita. Sanandikumbutse kanthu. Anaitana achinyamata a gulu lija, tinagawana njira, tinalowa shabini iliyonse ya ku Mgona ndi ku Nsungwi. Amene anamupeza mawa lake m'mawa ndi mtsikana uja, kuseri kwa zigayo, atagona chafufumimba, malaya ali magazi amene anasanza. Anyamata anamunyamula pa chinsalu chomwe chija cha masewero mpaka pamsewu.

Sanafe. Ndimanena zimenezi msanga chifukwa anthu akamamva nkhaniyi amayamba kundipepesa. Anagona m'chipatala nthawi ndithu, adokotala anandiyang'ana ndi diso loti ndinakuuzani, koma anatuluka. Aphunzitsi ankabwera kudzamuona atanyamula phala m'fulasiki. Tsiku lina pakhonde la chipatala anandiuza kuti lamulo lija alisintha. Tsopano amati landira ndi manja, koma chodya ndi chakumwa usaike pakamwa. Ndinawayankha kuti zikomo, mwatseka khola mbuzi itatuluka kale. Anavomera ndi mutu.

Ndinalumbira kuti sadzapondanso ku zisudzo. Lumbirolo silinakhalitse. Loweruka loyamba ali kunyumba ndinamuona atakhala pakhomo, akuyang'ana njira yopita kushabini, ndipo ndinadzifunsa kuti ndikamukaniza uku apita kuti. Ndilibe mankhwala, ndilibe kwina komutumiza, abusa ndi amalume ndinayesa kale. Chimene ndili nacho ndi kalasi yobwereka, bambo wamagalasi amene analakwitsa kamodzi, ndi ana opuma ngati ng'ombe aja. Ndinamusitira malaya ndi simbi yobwereka n'kumuuza kuti nyamuka, uchedwa.

Sanasewerenso chidakwa. Masiku ano amaimba ng'oma ndi kuphunzitsa ana ongoyamba kumene mmene angayendere ngati nkhalamba. Chichokereni tsiku lija wagwapo kangapo n'kudzukanso, ndipo kugwa kulikonse kumamusiya wofooka kuposa kale. Ku Nsungwi mpaka lero kuli anthu amene amaima pakhonde panga n'kufunsa kuti sewero lija la mayi wogwada tidzalibwereza liti, ati linali lokoma kwabasi. Ndimangoponda makina mwamphamvu kuti ndisawamve.

Tili ndi chizolowezi chimene sitinapangane. Madzulo ndikamatseka, iye amabwera pakhonde, mwamuna wandevu zake, n'kuima patsogolo panga. Sindimufunsa kanthu. Amawerama yekha, kutsegula pakamwa, n'kundipumira kumaso kuti haa. Ndikamva fungo la chinangwa kapena la tiyi, ndimamupatsa mutu wa makina kuti anyamule, n'kumapita kwathu tikukangana za ziii. Masiku ena sabwera, ndipo ndimanyamula ndekha.

Dzulo anabwera. Lero ndavundikira kale makina, eni sitolo akutseka mawindo, ndipo ine ndikadali pano, ndikuyang'ana kumsewu.